Akafuna kukulandani laisensi ya shopu ya chamba ku Ontario: zochita kuyambira tsiku limene kalata yafika

Kwa ife amene tinakulira ku Malawi, mawu akuti "laisensi ya shopu ya chamba" amamveka ngati nthabwala ya pabawo. Koma dziko la Canada linaloleza fodya wamkulu pa 17 Okutobala 2018, ndipo m'chigawo cha Ontario mashopu oyamba ovomerezeka anatsegula pa 1 Epulo 2019. Lero ku Toronto, Ottawa kapena Hamilton mashopuwa angoti mbwee m'misewu ngati masaluni. Mwini wake amalipira lendi, amalipira antchito, amakhoma msonkho, ndipo zonsezi zikhoza kuima ndi kalata imodzi yochokera ku Alcohol and Gaming Commission of Ontario, bungwe la boma loyang'anira mashopuwa, limene aliyense amangolitchula kuti AGCO.

Malangizowa ndi a munthu amene kalatayo yamufikira, kaya ndi mwini shopu, manijala, kapena m'bale amene anaikamo ndalama zake. Salowa m'malo mwa loya. Cholinga chake n'chakuti mukamafika kwa loyayo musakhale mutawononga kale mlandu wanu, chifukwa milandu yambiri yotere imaonongekera m'shopu momwemo, m'masiku oyambirira, woweruza asanaione n'komwe.

Werengani kalatayo kawiri, mudziwe kuti ndi ya mtundu wanji

Lamulo loyendetsa mashopuwa ndi Cannabis Licence Act la 2018, ndipo amene ali ndi mphamvu yopereka ndi kulanda malaisensi ndi a Registrar a ku AGCO. Mapepala alipo atatu: laisensi ya mwini bizinesi, chilolezo cha shopu iliyonse payokha, ndi laisensi ya manijala. Yang'anani kuti akufuna pepala liti. Akalanda chilolezo cha shopu imodzi, zina zikhoza kutsala. Akalanda laisensi ya mwini bizinesi, zilolezo za mashopu ake onse zimagwera limodzi, ngakhale mashopu amene sanalakwe kanthu.

Kalata imene anthu ambiri amalandira imatchedwa Notice of Proposal. Tanthauzo lake ndi lakuti a Registrar akuganiza zolanda kapena kuimitsa laisensi yanu, ndipo alemba zifukwa zawo. Sanalande. Ngati kalatayo yabwera yokha, shopu imapitiriza kugulitsa pamene mukudikira kuti mlandu umvedwe.

Ina ndi yoimitsa laisensi pompopompo, imene amapereka akaona kuti kudikira kungaike anthu pachiopsezo. Imeneyi ikafika, tsekani tsiku lomwelo. Musagulitse ngakhale ndudu imodzi, ngakhale kwa kasitomala wa tsiku ndi tsiku amene akugogoda pagalasi. Kugulitsa chamba pamene laisensi yaimitsidwa ndi kugulitsa opanda laisensi, ndipo pamenepo nkhani yachoka m'manja mwa AGCO yalowa m'manja mwa apolisi.

Yachitatu ndi yowawa kuposa zonse. Pali milandu ina, monga kugulitsa chamba kwa munthu wosakwana zaka 19, imene khoti likakupezani olakwa a Registrar amalanda laisensi popanda kukufunsani maganizo. Choncho ngati muli ndi mlandu wa chamba kukhoti, musafulumire kuvomera n'cholinga choti uthe msanga mulipire chindapusa muzipita. Funsani kaye loya kuti kuvomerako kuchita chiyani ku laisensi yanu.

Masiku 15

Kuchokera tsiku limene mwapatsidwa Notice of Proposal, muli ndi masiku 15 olembera bwalo la Licence Appeal Tribunal, kapena kuti LAT, kupempha kuti mlandu wanu umvedwe. Loweruka ndi Lamlungu akuwerengedwa momwemo. Mukapanda kutero, a Registrar amangochita zimene analemba, popanda wowafunsa.

Langizo langa n'lakuti muwerenge kuyambira deti limene lalembedwa pakalata, osati tsiku limene munaitsegula, ndipo mutumize pempho lanu sabata yoyamba isanathe. Fomu ya apilo ili pawebusayiti ya Tribunals Ontario, bungwe loyendetsa mabwalo ngati LAT. Mulembepo dzina lenileni limene lili palaisensi. Ngati laisensi ili m'dzina la kampani, wochita apilo ndi kampaniyo, inu ayi. Muphatikize kope la kalata ya a Registrar, mulipire ndalama yolembetsera, imene ndi madola a ku Canada oposa pang'ono 100, ndipo mutumizenso kope kwa a Registrar. Ichi chomalizachi ndi chimene anthu amaiwala. Sungani umboni wosonyeza tsiku ndi ola limene munatumiza.

Pa malo olemba zifukwa za apilo musalembe buku. Nenani mwachidule mfundo zimene mukuzikana, ndi kuti ngakhale zina zitakhala zoona, kulanda laisensi ndi chilango chopitirira muyeso. Zimene mwalemba pafomupo adzakufunsani pamaso pa woweruza, ndiye musalembe chimene simungachiimire.

Mukachedwa, bwalo lili ndi mphamvu yowonjezera nthawi, koma limayang'ana zinthu zinayi: ngati munalidi ndi mtima wochita apilo masiku 15 aja asanathe, kutalika kwa kuchedwako, ngati kuchedwako kwaipira mbali inayo, ndi ngati mlandu wanu uli ndi mutu. Zoti "imelo inapita ku spam" sizifika patali. Amene akukayika akumbukire za 2019. Pa maere achiwiri osankha anthu otsegula mashopu, mu Ogasiti chaka chimenecho, ena amene anapambana anachotsedwa chifukwa sanapereke mapepala onse pa nthawi yake, kuphatikizapo kalata yeniyeni ya banki yotsimikizira madola 50,000. Anthu 11 anapita ku Divisional Court, nthambi ya khoti lalikulu la Ontario, kudandaula za mmene anawadziwitsira, ndipo mu Seputembala khotilo linawabweza chimanjamanja. Unali mlandu wa maere, sunali wolanda laisensi, koma ukuonetsa mmene makhoti a kumeneko amaonera deti. Ndiye lowani mu akaunti yanu ya iAGCO, ya pawebusayiti ya AGCO, lero lomwe muone ngati adiresi, foni ndi imelo zili zolondola.

Sungani makamera, sungani mlomo

Pamene fomu ikupita, thamangirani ku makamera. Malamulo a mashopu amafuna kuti zithunzi za CCTV zisungidwe kwa masiku osachepera 30, ndipo makina ambiri amafufuta okha akadzaza. Kalata ya a Registrar nthawi zambiri imanena za zinthu zimene zinachitika kale ndithu, koma chilichonse chimene chatsala chikopereni pa hard drive ina, ziwiri ngati n'kotheka, imodzi ikakhale kwa loya. Musadule, musasankhe zokoma zokha. Vidiyo yodumpha mphindi zitatu imanunkha kuposa vidiyo yoonetsa cholakwa.

Chimodzimodzi mapepala ena: malisiti a patilu, mainvoisi a Ontario Cannabis Store (kampani ya boma yogulitsa chamba kwa mashopu), kaundula wa katundu, ndandanda ya amene anali pantchito tsiku limenelo, masatifiketi a maphunziro ogulitsa chamba (monga a CannSell) a wantchito aliyense, mameseji a pagulu la WhatsApp la antchito. Chamba chilichonse chogulitsidwa m'shopu yovomerezeka chiyenera kuchokera ku Ontario Cannabis Store, choncho ngati akukunenani kuti munali ndi katundu wolowera kuseri, chokupulumutsani ndi kugwirizana kwa mainvoisi ndi zimene zili pashelefu, paketi ndi paketi. Ndipo musayerekeze kukonza pepala n'kuikapo deti lakale. Cholakwa chogulitsa mopitirira magalamu 30 kwa munthu mmodzi chikhoza kuthera pa chindapusa kapena kutsekedwa masiku angapo. Pepala lopeka ndi nkhani ya kukhulupirika, ndipo kukhulupirika ndiye mtima wa mlandu wonse.

Tsono mlomo. Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza. Musalembe pa Facebook kapena Instagram kuti akukuzunzani chifukwa cha kaduka kapena khungu lanu. Maloya a a Registrar nawonso ali ndi mafoni. Ngati mulidi ndi umboni wa tsankho, malo ake ndi m'manja mwa loya. Inspekita akabwera, mulandireni, mumupatse zimene wapempha, musamutsekereze, chifukwa kutero ndi mlandu pawokha. Koma simukukakamizidwa kuyamba kucheza naye za mmene zinayendera tsiku lija. Antchito musawaphunzitse zoti akanene. Apempheni aliyense alembe yekha zimene akukumbukira, asaine, aikepo deti.

Loya mupeze wodziwa milandu ya malaisensi, amene anaimapo pa LAT. Loya amene anakuthandizani pa mapepala a imigireshoni kapena pogula nyumba akhoza kukhala munthu wabwino kwambiri, koma uwu ndi munda wina. Ku Ontario maparalegal ovomerezedwa ndi Law Society of Ontario amaloledwanso kuimira anthu pa mabwalo otere, ndipo mtengo wawo umakhala wotsikirapo. Bungwe lomwelo lili ndi Law Society Referral Service, kumene amakulumikizani ndi loya kapena paralegal wokambirana naye kwaulere mpaka mphindi 30.

Zimene a Registrar ayenera kutsimikiza

Apa ndi pamene ambiri amadzinamiza. Amati, "Sindinamangidwepo, khoti silinandipezepo wolakwa, ndiye andilanda bwanji?" Koma funso la bwalo ndi lina. Lamulo limafunsa ngati pali zifukwa zomveka zokhulupirira kuti munthuyu sadzayendetsa bizinesi motsata malamulo, mwachilungamo, mokhulupirika ndi mokomera anthu, poyang'ana khalidwe lake lakale ndi latsopano. Limayang'ananso ngati adzasamala za ndalama, ndi ngati ananama pa fomu yofunsira laisensi.

Mawu akuti "zifukwa zomveka zokhulupirira" anawamasulira ndi Court of Appeal ya ku Ontario mu 2013, pa mlandu wa bala ya Famous Flesh Gordon's ya mumzinda wa London, Ontario, imene mwini wake anali membala wa Hells Angels. Khotilo linati muyeso wake ndi woposa kungokayikira, komabe ndi wotsika kuposa muyeso wa milandu wamba ya pakati pa anthu, ndipo khalidwe loyang'anidwa si la m'bizinesi mokha, kapena lokhalo limene munthu anaweruzidwa nalo. Unali mlandu wa mowa, koma mawu a lamulo la chamba ndi ofanana nawo, ndipo oweruza a LAT amautchula kawirikawiri. Mwachidule, udindo wotsimikiza uli pa a Registrar, koma mpanda umene ayenera kudumpha ndi waufupi.

Komanso sayang'ana inu nokha. Amayang'ana madairekitala, ogawana nawo masheya, ndi aliyense amene ali ndi dzanja m'bizinesi, kuphatikizapo amene anakubwereketsani ndalama. Kwathu n'zachizolowezi kuti malume aike ndalama, dzina likhale la mphwake, nkhani ithere m'banja. Kumeneko wobisika ameneyo, akatulukira pa sitetimenti ya banki, ndi chifukwa chokwanira chofunira laisensi yanu. Mlandu suola: ngongole ya msonkho yakalekale kapena mlandu umene simunautchule pa fomu zimadzuka nthawi ngati imeneyi. Muuzeni loya wanu zonse tsiku loyamba, ngakhale zochititsa manyazi, asakazimvere koyamba m'kamwa mwa mbali inayo.

Chabwino chake n'chakuti LAT imamva mlandu mwatsopano. Sikakamizidwa kutsata maganizo a a Registrar. Ikhoza kuwalamula kuti alande, kuti asalande, kapena kuika malire pa laisensi yanu. Ndiye zimene mwachita kuchokera tsiku la kalata zimawerengedwa. Ngati vuto linali losayang'ana ma ID, ikani makina oyang'anira ID pakhomo, bwerezani maphunziro a antchito, lembani lamulo la shopu aliyense asaine. Paja lamulo limati aliyense wooneka wosakwana zaka 25 aonetse ID asanalowe. Ngati vuto linali manijala, musinthe. Woweruza amafuna kuona risiti ya makinawo ndi siginecha za antchitowo. Malonjezo a pakamwa wamvapo ambiri.

Khalani pansi usiku umodzi muwerenge zigamulo zakale za LAT pa CanLII, webusayiti yaulere. Mukawerenga zisanu kapena zisanu ndi chimodzi muyamba kuona amene anapulumuka kuti anabweretsa chiyani, ndi amene anagwa kuti anakakamira pati.

Msonkhano woyamba, ndi nkhani yogwirizana

Mlandu usanamvedwe pamakhala case conference, msonkhano wa pafoni kapena pavidiyo pamene membala wa bwalo amakumana ndi mbali zonse. Pamenepo amaika madeti opatsirana mapepala, amawerenga mboni, ndi kufunsa ngati nkhani ingathe popanda kuzenga. Madeti amenewa ndi lamulo. Pepala lobwera mochedwa akhoza kulikana. Pemphani fayilo yonse ya a Registrar: malipoti a mainspekita, zolemba za apolisi, zithunzi. Yerekezani tsiku ndi ola lililonse ndi kaundula wanu. Ngati shopu yanu yatsekedwa kale ndi kalata ya pompopompo ija, nenani pa msonkhanowu kuti mukufuna deti lapafupi, chifukwa lendi siidikira chigamulo.

Pa zogwirizana ndili ndi maganizo anga, ena sagwirizana nawo. Akakupatsani mwayi wotseka shopu kwa masabata angapo, kulipira chindapusa, kapena kuvomera malire monga kuchotsa munthu wina m'bizinesi, muuganizire mofatsa musanaukane chifukwa cha ulemu wanu. Fodya ndi uyo ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Laisensi yokhala ndi malire imagulitsabe. Laisensi yolandidwa imakutsekerani khomo zaka ziwiri musanaloledwe kufunsiranso, pokhapokha a Registrar akhutire kuti zinthu zasinthadi kwambiri, ndipo pofika nthawiyo alandilodi anapereka kale malo kwa wina. Koma werengani mawu a mgwirizanowo mzere ndi mzere. Zimene mwavomera zimalowa m'fayilo yanu, ndipo kuphwanya malire amene munasainira nokha ndi njira yachidule yobwerera ku bwalo lomwelo muli ofooka kuposa poyamba.

Tsiku la mlandu

Milandu yambiri ya LAT masiku ano imamvedwa pavidiyo. Khalani m'chipinda chabata, intaneti yodalirika, mapepala ataikidwa manambala. Kawirikawiri a Registrar ndi amene amayamba ndi mboni zawo, loya wanu n'kuzifunsa mafunso, kenako inu. Mboni imene ikuzengereza kubwera mukhoza kuiitanitsa ndi samani ya bwalo.

Mukamayankha, yankhani funso lokhalo. Ngati simukukumbukira, nenani kuti simukukumbukira. Ngati cholakwa chinachitikadi ndipo chili pavidiyo, vomerani ndi kufotokoza zimene mwasintha. Kukankhira zonse kwa kamnyamata ka patilu sikuthandiza, chifukwa woweruza adzangofunsa kuti anakalemba ntchito ndani, anakaphunzitsa ndani, ndipo inu munali kuti. Chigamulo chimabwera cholembedwa, patapita nthawi.

Mukagonja

Misewu ilipo itatu, yonse yopapatiza. Woyamba ndi kupempha LAT yomweyo kuti iunikenso chigamulo chake, m'masiku 21. Apa muyenera kuonetsa kuti bwalo linapyola mphamvu zake, linakumanani mwayi womvedwa mwachilungamo, linalakwitsa mokulira moti chigamulo chikanasintha, kapena pali umboni watsopano umene simukanatha kuupeza kale. Kungobwereza zomwe munanena sikuloledwa.

Wachiwiri ndi apilo ku Divisional Court, m'masiku 30, pa mfundo za malamulo. Khotili silimvanso mboni. Kunena kuti woweruza anakhulupirira inspekita m'malo mwa inu si mfundo ya malamulo. Kunena kuti anagwiritsa ntchito muyeso wolakwika ndiye mfundo.

Wachitatu ndi judicial review, kupempha khoti lomwelo kuti lione ngati chigamulo chinali chomveka, nawonso m'masiku 30. Mu Malichi 2024, pa mlandu wa Yatar, umene unachokera ku LAT komweko ngakhale unali wa inshulansi ya galimoto, Supreme Court ya Canada inati kukhala ndi apilo ya mfundo za malamulo zokha sikutsekera munthu njira imeneyi pa mfundo zina. Komabe, potsata chigamulo cha Vavilov cha 2019, khoti silifunsa ngati ilo likanagamula mosiyana. Limangofunsa ngati zifukwa za bwalo zikugwirana ndi kuyenderana ndi umboni. Maloya ambiri amalemba apilo ndi judicial review nthawi imodzi kuti deti lisawapitirire, ndipo musaganize kuti masiku 30 aima chifukwa mwapempha LAT kuunikanso.

Musaganizenso kuti kupita kukhoti kwakupatsani ufulu wotsegula shopu. Funsani loya ngati pakufunika chiletso choimitsa chigamulo. Pochipereka makhoti a ku Canada amatsata mafunso atatu a mlandu wa RJR-MacDonald wa 1994: kodi pali nkhani yeniyeni yoti izengedwe, kodi mudzaonongekeredwa mosabwezeka, ndipo mbali iti ivutika kwambiri. Pa funso lachitatuli chitetezo cha anthu chimalemera, makamaka ngati nkhani ikukhudza ana. Werengeraninso thumba: ku Divisional Court wogonja nthawi zambiri amalamulidwa kulipirako ndalama za mbali inayo.

Katundu wotsala, ndi mapepala anu okhalira m'dziko

Laisensi ikapitadi, chamba chotsala m'shopu musachitenge kupita nacho kunyumba, musagawire anzanu, musagulitse "kuti mubweze kangachepe". Lemberani AGCO ndi Ontario Cannabis Store akuuzeni chochita nacho, ndipo musunge yankho lawo. Kugulitsa chamba mosaloledwa chilango chake chimafika zaka 14 m'ndende pansi pa Cannabis Act ya dziko lonse. Kwa nzika ya Canada imeneyo ndi nkhani ya ndende. Kwa amene ali ndi permanent residence kapena pemiti ya ntchito ndi nkhani yothamangitsidwanso, chifukwa lamulo la imigireshoni limatenga mlandu uliwonse umene chilango chake chachikulu chimafika zaka 10 ngati mlandu waukulu, ngakhale woweruza atakupatsani chilango chochepa. Amene sanatenge unzika akhale ndi maloya awiri olankhulana, wa laisensi ndi wa imigireshoni.

Kwa owerenga ali kumudzi: Malawi alibe mashopu otere. Cannabis Regulation Act ya 2020 inaloleza chamba cha mankhwala ndi cha mafakitale chokha, pansi pa Cannabis Regulatory Authority, ndipo chosuta n'choletsedwabe. Koma mlimi kapena kampani imene laisensi yake ya CRA ili pachiopsezo ili ndi pogwira. Gawo 43 la Malamulo Aakulu a dziko limapatsa munthu ufulu wochitiridwa zinthu mwachilungamo ndi maofesi a boma, ndi wopatsidwa zifukwa zolembedwa. Pemphani zifukwazo pakalata, yang'anani njira yodandaulira imene lamulolo likupereka, ndipo ngati mukupita ku High Court kukapempha kuti chigamulo chiunikidwe, malire ake ndi miyezi itatu kuchokera tsiku la chigamulocho.